BANJA LIKAPITA KU TCHUTHI KU CHILUMBA CHA ZANZIBAR

Munthu wa kumudzi akapuma pa ntchito, kawirikawiri amapita kukaona abale, kapena amakhala pakhomo kufolera denga ndi kukonza nkhokwe. Koma alipo anthu ena, makamaka a ku Ulaya, amene amasunga ndalama chaka chathunthu kuti bambo, mayi ndi ana apite ku dziko limene alibeko mbale ndi mmodzi yemwe, akaone malo ndi kusamba m'nyanja. Ulendo wotere ndiwo amautcha ulendo wa tchuthi. Malo amodzi amene mabanja otere amawakonda ndi chilumba cha Zanzibar, ndipo m'chaka cha 2023 chokha kunafika alendo oposa 600,000 ochokera kunja.

Chilumbachi sichili kutali kwambiri ndi Malawi, ndipo mbiri yake inalukana ndi mbiri ya anthu a m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Tsono nkhani ino ifotokoza zimene banja limapeza likafika kumeneko. Idzakhalitsa pa za nyanja, pakuti munthu wosaidziwa nyanja imeneyo sangamvetse za mzinda, za minda, ngakhale za msika wa akapolo umene unali kumeneko. Ndiponso munthu wotere angathe kutaya mwana wake m'madzi.

KUMENE CHILI NDI KAPITIDWE KAKE

Zanzibar ndi dzina la zilumba zingapo za m'nyanja yaikulu ya mchere yotchedwa Indian Ocean. Zazikulu ndi ziwiri, Unguja ndi Pemba. Alendo ambiri akati Zanzibar amanena Unguja, chimene m'litali mwake ndi makilomita 85, ndipo pamene chatambalala kwambiri ndi makilomita pafupifupi 40. Pa 26 Epulo 1964 Zanzibar anaphatikana ndi Tanganyika napanga dziko la Tanzania, komabe zilumbazi zili ndi pulezidenti wakewake ndi nyumba ya malamulo yakeyake. Chifukwa chake mlendo amaonetsanso pasipoti yake pofika padoko, ngakhale anaionetsa kale polowa m'Tanzania.

Banja lochokera ku Malawi lingakwere ndege, koma njira yotsika mtengo ndi ya basi, yodzera ku Mzuzu ndi Karonga, kuoloka malire pa Songwe, kufika ku Mbeya, ndi kutsikira ku Dar es Salaam. Ndi ulendo wautali ndi wotopetsa kwa ana aang'ono, ndipo kuli bwino kugona panjira. Ku Dar es Salaam banja limakwera sitima ya pamadzi yothamanga, imene imafika ku Zanzibar patapita maola awiri.

Pano pali msampha umene wakola alendo ambiri. Aswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka. Tsono munthu wa padoko akati sitima inyamuka "saa moja", ndiko kuti ola loyamba, akunena 7 koloko m'mawa. Akati "saa sita" akunena 12 koloko masana. Bambo wanzeru afunse kawiri, ndipo aonetse chala pa wotchi yake. Asalolenso kulowetsa banja lake m'chombo chodzaza kopitirira muyeso chifukwa chofuna kupulumutsa ndalama. Pa 10 Seputembala 2011 sitima yotchedwa Spice Islander, imene inasenza anthu ndi katundu mopyola mphamvu yake, inamira pakati pa Unguja ndi Pemba, ndipo anthu ambirimbiri anafera pomwepo.

NYANJA IMENE IMACHOKA NDI KUBWERANSO

Munthu wozolowera ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhata Bay amaganiza kuti nyanja amaidziwa. Akafika ku Zanzibar amapeza kuti iyi ndi ina. Choyamba, madzi ake samweka. M'lita imodzi muli mchere wokwana magalamu 35, ngati timasipuni tating'ono 6, kotero kuti mwana akamwa amasanza, ndipo ludzu lake limangokulirakulira. Sopo sachita thovu bwino m'madzi amenewa, ndipo munthu akatuluka ayenera kudzitsuka ndi madzi abwino, apo ayi khungu limayabwa. Ubwino wake ndi wakuti madzi amchere amanyamula thupi, ndipo kusambira kumapepuka. Ku magombe a Zanzibar kulibe ng'ona kapena mvuu, ndiponso nkhono zofalitsa likodzo sizikhala m'madzi amchere. Komatu m'maiwe ndi m'timitsinje ta pachilumbacho likodzo lilimo, ndipo ana asasewere m'menemo.

Chachiwiri ndicho chachikulu. Nyanja ya Malawi imakwera pang'onopang'ono mvula ikagwa, nitsikanso pang'onopang'ono m'chilimwe, ndipo msodzi akasiya bwato lake pamchenga madzulo amalipeza pomwepo m'mawa. Nyanja ya mchere siitero ayi. Imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku lililonse. Aswahili amati "maji kujaa" ndi "maji kupwa", mawu amene Mchewa angawamve popanda womasulira. Madzi akayamba kuphwa amatenga maola ngati 6 kuti afike pansi penipeni, ndipo amatenganso maola ngati 6 kuti abwerere.

Chimene chimachititsa zimenezi ndi mwezi. Mwezi uli ndi mphamvu yokoka zinthu, monga momwe dziko limakokera pansi bango logwa mumtengo. Mphamvuyo imakoka madzi a m'nyanja zazikulu nkuwaunjika mbali ina, ndipo pamene dziko likuzungulira, gombe lililonse limadutsa pamene madzi aunjikana ndi pamene achepa. Dzuwa nalonso limakoka, koma mphamvu yake pa madzi ndi yochepera. Mwezi ukangooneka kumene, ndiponso ukakula wathunthu, mwezi ndi dzuwa zimakokera pamodzi, ndipo masiku amenewo madzi amakwera kwambiri ndi kuphwanso kwambiri. Ku Zanzibar kusiyana kwake kumafika mamita 4, ndiko kuti kupitirira amuna awiri wina ataima pa mapewa a mnzake. Nyanja ya Malawi nayonso mwezi umaikoka, koma poti ndi yaing'ono poyerekeza ndi nyanja za mchere, kusuntha kwake sikuoneka ndi maso. Aphunzitsi angathe kuonjeza mfundo iyi pophunzitsa ana: mwezi umachedwa kutuluka tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi ya kudzaza kwa nyanja imachedwanso chimodzimodzi, ndi mphindi ngati 50. Ngati lero madzi adzaza 9 koloko m'mawa, mawa adzadzaza nthawi itayandikira 10 koloko.

Tsono kum'mawa kwa chilumbachi, ku midzi ya Paje ndi Jambiani, pansi pa nyanja ndi posalala ngati dambo. Madzi akaphwa amachoka mtunda woposa kilomita, nasiya mchenga woyera ndi timathamanda. Banja limene linalipira hotela kuti lizisambira limadzuka nkupeza nyanja ili kutali, ngati mzere chabe wa thovu. Imeneyi ndiyo nthawi imene ana amaikonda, pakuti m'timathamandamo muli nkhanu, nkhono zamitundumitundu ndi tinsomba tamawangamawanga. Ndiyonso nthawi yoopsa. Mwana akamatola nkhono amapita patsogolo osadziwa kuti wafika patali. Madzi pobwera sabwera ndi phokoso, ndipo sabwera molunjika. Amayamba kudzaza m'makwawa ndi m'malo otsika, ena a iwo ali kumbuyo kwa munthu, pakati pa iye ndi mtunda. Pamene azindikira, amapeza kuti waima pa kachilumba ka mchenga kamene kakuchepa, ndipo njira imene anadzera yasanduka mtsinje. Chifukwa chake makolo afunse m'mawa uliwonse nthawi imene madzi adzatembenuke. Mahotela ambiri amalemba nthawizo pa bolodi, ndipo msodzi aliyense amazidziwa pamtima. Banja liyambe kubwerera madzi asanatembenuke, ndipo ana asapite okha.

Avalenso nsapato za mphira. Pakati pa miyala pamakhala tizilombo takuda tozungulira, tokhala ndi minga yaitali ngati ya nungu, ndipo mingayo ikalowa m'phazi imathyokera momwemo. Banja limene lifuna kusambira nthawi ina iliyonse lipite kumpoto, ku Nungwi ndi Kendwa, kumene nyanja imazama pafupi ndi gombe ndipo madzi sachoka patali. Kumeneko mahotela ndi ambiri, phokoso ndi lambiri, mitengo ya zinthu nayonso ndi yokwera.

Mchenga wa ku Zanzibar ndi woyera ngati ufa woyera chifukwa suchokera ku miyala ya kumapiri. Ndi zidutswa za zigoba za nkhono ndi za korali. Korali ndi mwala umene umamangidwa m'madzi ofunda ndi tizilombo tating'onoting'ono, timene timasiya zigoba zathu zolimba zitaunjikana kwa zaka zikwizikwi. Mpanda wa korali ndiwo umaswa mafunde akuluakulu patali ndi gombe la kum'mawa. Kuyera kwa mchengawo kumathobwa m'maso masana, ndipo dzuwa limapsereza khungu, la Mzungu msanga, la munthu wakuda mochedwerapo. Kuyambira 11 koloko mpaka 3 koloko ana akhale pamthunzi ndi kumwa madzi kawirikawiri.

Pamene alendo akusewera, amayi a m'midzimo ali pa ntchito. Kuyambira m'chaka cha 1989 akhala akulima ndere za m'nyanja zotchedwa mwani. Amakhoma zikhomo pamchenga madzi ataphwa, namanga zingwe, ndi kupachika timbewu ta nderezo pa zingwezo. Zikakula amakolola, kuyanika, ndi kugulitsa kwa amalonda amene amazitumiza kunja, kumene amapangira zinthu zolimbitsa zakudya ndi mankhwala otsukira mano. Mtengo wake ndi wochepa ndipo ntchito yake ndi yowawitsa msana. Mlendo akaona zikhomo ndi zingwe adziwe kuti umenewo ndi munda wa mwini, ndipo alambalale monga angachitire ndi mizere ya chimanga.

MPHEPO ZIWIRI

Kuyambira Disembala mpaka Malichi mphepo imachokera kumpoto chakum'mawa, ndipo dzina lake ndi kaskazi. Imeneyi ndi nyengo yotentha. Kuyambira Epulo mpaka Okutobala imatembenuka nkuchokera kumwera, ndipo imatchedwa kusi. Mphamvu yake imakula m'miyezi yomweyo imene mwera umavuta asodzi pa nyanja ya Malawi. Mvula yaikulu imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi, ndipo mvula yaing'ono imagwa cha mu Novembala. Miyezi yabwino kwa banja ndi kuyambira Juni mpaka Okutobala, pamene kunja kuli kozizirira ndi kouma, ngakhale kuti mafunde a kusi amagwedeza sitima, ndipo ana ena amachita nseru.

Mphepo ziwirizi ndizo zinamanga Zanzibar. Kale kusanabwere injini, zombo za matanga zinkachoka ku Arabia, ku Persia ndi ku India ndi kaskazi, zitasenza nsalu, mikanda ndi zipatso za kanjedza. Zinkadikira padoko kufikira mphepo itatembenuka, ndipo zinkabwerera kwawo ndi kusi, zitasenza minyanga ya njovu, mitengo yomangira ndi anthu. Phindu lake linali lalikulu kotero kuti Seyyid Said, mfumu ya ku Oman, anasamutsa likulu lake kuchoka ku Muscat kubwera ku Zanzibar cha m'ma 1840. Iye ndiye analimbikitsa kubzala mitengo ya karafuu, imene Angerezi amati cloves. Chimene amakolola ndi timaluwa tosaphuka, timene tikauma timaoneka ngati timisomali tating'ono, tonunkhira kwambiri. Amathira mu mpunga ndi mu tiyi, ndipo mafuta ake amaziziritsa dzino lopweteka. M'chaka cha 1872 mkuntho unagwetsa mitengo yambiri ya karafuu pa Unguja, ndipo kuyambira pamenepo karafuu wambiri amachokera ku Pemba. Minda ina ya pafupi ndi mzinda imalandira alendo. Ana amanunkhiza masamba ndi makungwa, namayesa kulosa dzina la chonunkhira chilichonse.

MZINDA WA MIYALA

Mbali yakale ya mzinda imatchedwa Stone Town, chifukwa nyumba zake zinamangidwa ndi miyala ya korali ndi laimu. M'chaka cha 2000 bungwe la UNESCO linauika pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse. Tinjira take ndi topapatiza, moti galimoto silowamo, ndipo nyumba zazitali zimachita mthunzi tsiku lonse. Mlendo aliyense amasochera, koma zimenezi sizoopsa, pakuti mzindawo ndi waung'ono ndipo akayendabe amatulukira kunyanja kapena ku msewu waukulu. Zitseko zake ndi zamatabwa olemera, zozokotedwa maluwa ndi malemba achiarabu, zina zokhomedwa timitu tamkuwa.

M'mbali mwa nyanja muli linga lakale limene Aarabu a ku Oman anamanga cha m'ma 1700 atapirikitsa Apwitikizi. Pafupi nalo pali nyumba yaikulu yotchedwa Beit al-Ajaib, ndiko kuti Nyumba ya Zodabwitsa, imene Sultan Barghash anamanga mu 1883. Inali nyumba yoyamba pachilumbapo kukhala ndi magetsi. Pa 25 Disembala 2020 mbali ina ya nyumbayi inagwa pamene anali kuikonza. Malo omwewa ndi pamene panachitikira nkhondo ya pa 27 Ogasiti 1896, pamene sitima za nkhondo za Angerezi zinaombera nyumba ya mfumu. Nkhondoyo inatha ola limodzi lisanakwane. Madzulo, pa bwalo la Forodhani, ophika amayala matebulo ndi kuwotcha nsomba ndi nyama, ndipo mabanja a mumzindamo amabwera kudzapola mphepo.

Koma malo amene banja la ku Malawi siliyenera kuwaphonya ndi tchalitchi cha Anglican cha Christ Church, ku Mkunazini. Pamalo amenewa ndipo panali msika wa akapolo. Ambiri a anthu ogulitsidwa pamenepo anachokera ku maiko ozungulira nyanja ya Malawi, ndipo amalonda ankawatcha Wanyasa ndi Wayao. Kuyambira m'ma 1840 Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota, kumene anthu ogwidwa ankawasonkhanitsa ndi kuwaolotsa nyanja pa zombo. Kutsidyako ankayenda pansi miyezi ingapo, m'magoli, atasenza minyanga, kufikira ku Kilwa. Amene anafika amoyo ankawalonga m'zombo zina kupita ku Zanzibar. Anthu zikwizikwi ankadutsa pamsikapo chaka ndi chaka. Ena ankatumizidwa ku Arabia ndi ku Persia, koma ambiri ankatsala pachilumba pomwepo kulima minda ya karafuu. Tsono fungo lokoma limene ana ananunkhiza kumunda ndi malo ano ndi nkhani imodzi.

Msikawu unatsekedwa mu Juni 1873, pamene Sultan Barghash anasaina pangano ataumirizidwa ndi boma la Britain. Amene anamukakamiza anali John Kirk, yemwe uja anali pamodzi ndi David Livingstone pofika pa nyanja ya Malawi mu 1859, ndipo mapiri a Kirk Range a ku Ntcheu ndi Neno amatchedwa ndi dzina lake. Kutsekedwa kwa msika sikunamasule amene anali kale akapolo. Ukapolo weniweniwo unathetsedwa mwalamulo ku Zanzibar mu 1897. Amishoni a U.M.C.A., amene anayamba ntchito yawo ku Magomero mu 1861 nalephera chifukwa cha nkhondo, njala ndi malungo, anali atasamukira ku Zanzibar mu 1864. Iwo ndiwo anapeza malo a msikawo, ndipo mwala woyamba wa tchalitchi unaikidwa pa tsiku la Khirisimasi mu 1873. Bishopu Edward Steere, amene anayang'anira ntchito yomangayo, anamwalira mu 1882 naikidwa kuseri kwa guwa. Mishoni yomweyo inabwereranso kunyanja ndi kukhazikika pa Likoma mu 1885.

M'tchalitchimo muli mtanda waung'ono wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo, m'dziko la Zambia, umene patsinde pake anakwirirapo mtima wa Livingstone mu 1873. Thupi lake ananyamula anyamata ake motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma kufikira kunyanja ya mchere. Chumayo anali Myao, amene Livingstone ndi amishoni anamumasula m'goli ali mwana mu 1861, m'mapiri a Shire. Panja pali dzenje limene muli zifanizo zisanu za anthu omangidwa unyolo m'khosi, zimene mmisiri wa ku Sweden, Clara Sörnäs, anapanga mu 1998. Otsogolera alendo amaonetsanso tizipinda tiwiri tapansi, tamdima, namanena kuti akapolo ankasungidwamo. Akatswiri ena a mbiri yakale amakana, nati nyumbayo inamangidwa msika utatsekedwa kale. Mkangano umenewo ndi wa tizipindato basi. Za msika womwewo palibe wokana. Ana aang'ono kwambiri angachite mantha pamalowa, koma a msinkhu wa sukulu ayenera kulowa, ndipo makolo awafotokozere dzina la Nkhotakota asanafike pakhomo.

AKAMBA NDI APUSI

Tsiku lotsatira nkoyenera kuwapatsa ana chinthu chosangalatsa. Bwato la injini limatenga theka la ola kufika pa kachilumba ka Changuu. Angerezi anamangapo ndende mu 1893, koma sanatsekeremo akaidi. Anaisandutsa malo osungirako anthu odwala matenda opatsirana. Pali akamba akuluakulu, zidzukulu za akamba anayi amene anachokera ku zilumba za Seychelles mu 1919. Wamkulu angathe kulemera ngati matumba anayi a chimanga a makilogalamu 50, ndipo ena apitirira zaka 100. Nkoletsedwa kuwakwera pamsana.

M'nkhalango ya Jozani, makilomita 35 kuchokera mumzinda, muli apusi ofiira kumsana amene kwawo ndi pachilumba chino. M'manja mwawo mulibe chala chachikulu. Amadya masamba, ndipo chodabwitsa nchakuti amadyanso makala, amene amawathandiza kuti masamba owawa asawapweteke m'mimba.

MAKHALIDWE NDI NDALAMA

Pafupifupi anthu onse a ku Zanzibar ndi Asilamu. Zovala zosambira ndi za kugombe kokha; m'mudzi ndi mumzinda munthu abise mapewa ndi mawondo. Apa mayi wa ku Malawi savutika, pakuti chitenje chake chikwanira. M'mwezi wa Ramadan si ulemu kudya kapena kumwa poyera masana. Mwana polonjera wamkulu amati "Shikamoo", wamkuluyo nayankha "Marahaba". Pofika pakhomo amati "Hodi", monga kuno amati "Odi". Mawu ena monga nyumba, nyama, moto ndi mbuzi ndi amodzimodzi, ndipo nsima ikafunidwa dzina lake ndi ugali, ngakhale eni dziko amakonda mpunga wophikira kokonati.

Ndalama za kumeneko ndi mashilingi a Tanzania. Pa 1 Okutobala 2024 boma la Zanzibar linayamba kulamula alendo ochokera kunja kugula inshuwalansi yake ya paulendo, ndipo mtengo unaikidwa pa madola 44 a ku America pa munthu. Banja liwerengere zimenezi lisananyamuke. Nyumba zing'onozing'ono zogona alendo zimatsika mtengo kuposa mahotela a m'mbali mwa nyanja, ndipo ndalama yolipidwa kumeneko imatsala m'manja mwa anthu a m'mudzimo. Minibasi zotchedwa daladala zimafika ku magombe onse aakulu pa mtengo wochepa. Malungo anachepa kwambiri pachilumbachi koma sanatheretu, tsono aliyense agone m'neti. Madzi abwino ndi osowa m'midzi ya kum'mawa, kumene zitsime zina zimalowa mchere zikatungidwa kopitirira, ndipo mlendo asambe mosamala monga angachitire kwawo mu Okutobala.